Chaka Chimene Amuna Anga Ankaphika Khofi

Ine ndinakulira pa tiyi. Kwathu ku Kabudula khofi tinkangomumva m'kalasi, kuti amalimidwa kumapiri a kumpoto, ndipo ngakhale nditakwatiwa n'kudzakhala kuno ku Nsaru, zaka zonse zimene amuna anga anaphunzitsa pasukulu ya pulayimale, m'nyumba mwathu simunalowepo khofi wina koma wa m'timapaketi uja wongosungunula m'madzi, nayenso wa apo ndi apo. Choncho tsiku limene mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Mzuzu, anatitumizira thumba lapepala lolemera ngati paketi ya shuga, ndinalitsegula ndikuyesa kuti ndi mbewu ya nyemba. Munali njere zakuda, zonyezimira mafuta, zotupa ngati nkhupakupa zokhuta pakhutu la galu. Fungo lake linali la chimanga chopserera pachiwaya. Ndinatseka thumbalo n'kuwapatsa eni ake a khofiyo, amuna anga.

Amuna anga anali atapuma ntchito, atangotsala ndi udindo wa mkulu wa mpingo. Chaka chimenecho m'dzinja anadwala matenda a chifuwa aja tinkavalira mamasiki. Anagona masabata atatu, ndipo atadzuka anali munthu wina: wosalankhula, wongotsina nsima kawiri n'kusamba m'manja, wongokhala pakhonde n'kumayang'ana anthu akusoka fodya m'chigafa cha kutsidya kwa msewu. Mwanayo anaganiza kuti khofi awatsitsimutsa. Anawatsitsimutsadi, koma amene anavutika ndine.

Njerezo zinkafunika kupera, ndipo chopera tinalibe. M'mawa wina anabwera kukhitchini.

"Mayi, tandibwerekani kamtondo kanu."

"Kameneka n'kosinjiramo nsinjiro, bambo. Mtengo umasunga fungo."

"Khofi ndi wamphamvu. Agonjetsa mtedza wanuwo."

Anakakhala kuseri kwa nyumba kuti anthu odutsa asaone mkulu wa mpingo atagwira munsi. Njere zinkadumpha m'kamtondomo n'kugwera pansi, nkhuku n'kuzithamangira, kujompha kamodzi, n'kuzisiya pomwepo. Ndinawauza kuti chinthu chimene nkhuku yakana munthu aziyamba wadzifunsa, koma iwo anangoseka. Kunena zoona, kanali koyamba kuwamva akuseka chidwalireni.

Anamuphika monga timaphikira tiyi wa pamaliro. Anathira madzi m'poto wanga wa mkaka, n'kuponyamo ufa wakudawo masipuni osawerenga, n'kusiya zikubwata pambaula iwo akumeta ndevu. Pobwera n'kuti thovu lofiirira litasefukira pamakala, nyumba yonse ikununkha ngati wina wawotcha nsapato. Anasefa ndi sefa ya tiyi n'kundiikira kapu patsogolo. Pamwamba pake pankayandama timaso ta mafuta a mtedza. Ndinamwa pang'ono chifukwa cha ulemu. Kuwawa kwake kunali kwa masamba a nimu aja timawiritsira wodwala malungo, kunsi kwa kuwawako kuli mtedza wopsa, ndipo nditameza ndinamva mchenga ukulira m'mano. Nditapendeketsa kapu ndinaona matope akuda ngati a m'dambo atakhala pansi pake. Ndinapita kuseri kukalavula, n'kuchukucha m'kamwa katatu.

Pobwerera ndinapeza atamaliza kapu yawo, akuthira yachiwiri, popanda shuga.

"Ameneyu ndiye akumveka, mayi," anatero. "Akufika."

Ndinaganiza kuti ndi zachimuna chabe, kusafuna kuvomera kuti walakwitsa. Sabata imeneyo yonse mpiru wanga wotendera unkamveka khofi, chifukwa kamtondo kanali katamwa fungo monga ndinanenera. Ine ndinkadya ndikuchita tsinya, iwo akunyambita zala n'kumayamika. Kamtondoko ndinakakwecha ndi mchenga, kusinjiramo madeya, kukayanika padzuwa, koma sikanabwererenso. Ndinachita kukasemetsa kena.

Ataimbira foni mwanayo kumuuza mmene anaphikira, kuseka kwake ndinakumva ndili kukhitchini. Anawauza kuti khofi sabwatitsa, amangothira madzi otentha pamwamba pa ufa wake, madziwo n'kumadontha okha kudzera pansalu. M'mawa mwake ndinawapeza atamangirira nsalu pakamwa pa jagi ndi mphira. Nditayandikira ndinazindikira mizere yabuluu m'mbali mwake. Unali mpango wawo wa m'thumba.

"Bambo, mpango umenewo mumaminira mamina."

"Ndauchapa ndekha dzulo."

"Mumapukutira thukuta paguwa. Mumayala pampando wa minibasi."

"Madzi otentha amapha zonse, mayi. Sayansi ndinaphunzitsa zaka zambiri."

Sindinamwe, ndipo jagiyo ndinaichotsa pa ziwiya za anthu n'kuisandutsa yothirira mbande za tomato. Koma ndinaona kuti sasiya, ndiye ndinati kuli bwino ndiwasokere ndekha. Ndinadula chidutswa cha nsalu yoyera yotsala pa bulauzi yanga ya kumpingo, n'kusoka kathumba kosongoka kunsi, iwo n'kupinda waya wozungulira pakamwa pake ndi chogwirira chomwe. Ndisaname, masiku oyamba khofi wa m'kathumbako anali wabwinoko. Mchenga analibe, matope analibe, ndipo ndikathira mkaka ndi masipuni atatu a shuga ndinkatha kumeza theka la kapu.

Panalinso china chimene chinandichititsa kupirira. Munthu amene miyezi itatu anangokhala pakhonde tsopano ankadzuka ndi cholinga. Anakonza mpanda umene unagwa ndi mvula. Anayamba kuyenda pansi mpaka kumsika, n'kubwera ndi nkhani za kumeneko. Tsiku lina anatunga madzi a pamjigo ndi a pachitsime cha kudimba kuti aone amene akutulutsa khofi wabwino, n'kundiuza kuti ndilawe ndiwauze kusiyana kwake. Ndinati a pamjigo akumveka dzimbiri, a kudimba akumveka achule. Anagwedeza mutu n'kunena kuti iwonso anaona chimodzimodzi. Nthawi zonse zinkatero: ine ndinkayamba kunena, iwo n'kuvomereza kapena kutsutsa, ndipo sindinaganizepo kanthu.

Vuto linali kathumbako. Mwanayo anali atanena kuti asamakachape ndi sopo, kuopa kuti khofi angamveke sopo, ndipo amuna anga mawu amenewo anawatenga ngati olembedwa pamagome a miyala. Ankangokagwedeza m'madzi ozizira n'kukapachika pamsomali pawindo la kukhitchini. Inali nyengo yachisanu, masiku a mitambo ndi kamphepo, ndipo sikankauma. Kanasanduka kofiirira, kenako kunsonga kwake kanada, kenako kanayamba kuterera ngati therere ukakakhudza. Kankanunkha matsukwa a mphale yoiwalika mumtsuko. Ntchentche zinkakhalapo mwabata ngati zili pamsonkhano. Lachinayi lina amayi a mpingo atabwera kudzapemphera kwathu, mmodzi wachikulire anakayang'anitsitsa, n'kundikokera pambali.

"Kodi m'nyumba muno muli wa chilonda?"

Ndinayankha kuti ayi, n'kosefera khofi wa abambo. Anagwedeza mutu, koma pa nthawi ya tiyi anati iwo adya kale.

Nkhani ya khofiyi inafika kwa alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, amene anagwira ntchito ya ukhukhi kwa azungu m'tauni zaka zambiri asanakakhale ku Njewa. Loweruka lina anatulukira pakabaza atanyamula katoni pamiyendo. Munali zinthu ziwiri zimene mabwana awo anasiya pochoka. Chimodzi chinali kafanelo ka pulasitiki konga kothirira parafini m'nyali, koma kokulirapo, ndi bokosi la mapepala opindidwa oika m'kati mwake. China chinali galasi lalitali ngati botolo lodulidwa khosi, lokhala ndi chogwirira, chivindikiro chake chili ndi ndodo yachitsulo pakati, kunsi kwa ndodoyo kuli sefa yozungulira. Dzina lake lachizungu anatchula koma silinakhale. Ife tinkangoti galasi la alamu.

"Wa m'galasi muzisinja mokhakhala ngati madeya," anatero alamuwo. "Wa papepala mosalala, koma asafike pa ufa woyera. Madzi akawira muwaphule apume pang'ono. M'galasimu mukathira muvindikire, muimbe ndime ziwiri za nyimbo, kenako mukankhe ndodoyi pang'onopang'ono. Mukatha, achimwene, sefa iyi mumamasula. Ili ndi zigawo zitatu. Muzitsuka chilichonse pachokha."

"Ndamva," anatero amuna anga, maso ali pa ndodo ija.

Uphunzitsi sutha m'munthu. Anaganiza zoti tsiku lomwelo pakhale mayeso: khofi mmodzi yemweyo aphikidwe njira zonse zinayi, ine ndi alamu tikhale oweruza, osadziwa kuti kapu iti yachokera kuti. Anatitulutsa panja, n'kutenga makapu anga amaluwa amene ndimasungira alendo. Tinakhala pakhonde nthawi yaitali tikumva ziwiya zikugundana. Atatiitana tinapeza makapu anayi pamzere patebulo, beseni langa losambira m'manja lili pansi. Amene analiitanitsa ndi alamu.

Ntchito ya besenilo ndinaizindikira alamuwo atayamba. Ankatunga khofi ndi sipuni, kumukoka ndi mpweya mwaphokoso ngati mwana akumwa phala lotentha, kumuchukucha m'kamwa masaya akutupa uku ndi uku, n'kulavulira m'beseni. Anati ndi mmene amachitira odziwa. Ine poona malovu ofiirira akuyenderera m'beseni limene timasambira m'manja pa chakudya, ndinatembenuzira nkhope kumbali ndisanalawe kanthu.

Kubisa kuja kunali kongotaya nthawi. Kapu yoyamba inali ndi matope ake aja, ya m'poto. Alamu anati, "Awa ndi madzi otsukira poto." Yachiwiri anangoinyamula, kuifikitsa pamphuno, n'kuibweza patebulo osalawa.

"Achimwene, nsalu yanu inafa kalekale. Kwangotsala kuiika m'manda."

Yachitatu, ya papepala, inali yopepuka, yooneka ngati tiyi wopanda mkaka, yowawasa pang'ono ngati bwemba, ndipo ndi yokhayo imene sinasiye kanthu palilime. Yachinayi, ya m'galasi, inali yolemera, yamafuta, yokuta m'kamwa ngati msuzi wa nyama yonona utazizira. Alamu anasankha ya papepala. Atandifunsa ine, ndinati zonse n'zoipa koma ya papepala ndiyo ingakhululukidwe.

Amuna anga anatimvetsera monga ankamvetserera ana olephera. Kenako anamwa makapu onse anayi, imodzi imodzi mpaka pansi, ndi ya nsalu yomwe, n'kupukuta pakamwa. Anati woyamba ndi wa m'poto, wachiwiri wa m'galasi, wachitatu wa pansalu, wa papepala ndi madzi chabe.

Alamu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Powaperekeza kumsewu anandifunsa motsitsa mawu ngati akulu awo ali bwinobwino. Ndinati ali bwino, ndi makani chabe, mukuwadziwa. Pobwerera ndinadzera kukhitchini, kutola kathumba kaja ndi kamtengo, n'kukakaponya m'chimbudzi. Madzulo ake ndikusenda mtedza mtima unkagunda ngati ndathamanga, chifukwa cha timasipuni tochepa timene ndinalawa tija. Ine ndi amuna anga tinakhala masiku awiri tikungolankhulana zofunika zokha.

Mapepala aja anawanyoza, komabe ankawagwiritsa ntchito akafuna kundinyengerera kuti ndimwe nawo. Ndipo sankafuna kuti athe. Akasefera ankakutumula ufa, kuwatsuka, n'kuwayanika pathandala pakati pa mbale zanga atawapsinja ndi timiyala. Anali ndi mabanga ofiirira, ndipo mphepo ikawaulutsa n'kuwamwaza pabwalo ankaoneka ngati mapepala aja anthu amasiya kutchire. Ndinkawatola ndi kamtengo.

Poto ndinawaletsa, choncho anakhazikika pa galasi lija, limene linali ndi ulemu wake. Iwonso anandiletsa kuligwira, ati ndingaswe ndipo lina silingapezeke ku Nsaru konse. Ankalisunga m'kabati ya pabalaza mmene mumakhala mabuku awo, kiyi ali m'thumba. Kutsuka kwawo kunali kuthira madzi, kugwedeza, kutaya. Sefa sanaimasulepo. Ndinadziwa pambuyo pake kuti ankaopa kuti alephera kuibwezera. Kenako anayamba kuthira mkaka m'galasi momwemo, ati zisakanikirane bwino.

Chisanu chinatha, kunayamba kutentha. Ku Nambuma kunagwa maliro a mnzawo wa pauphunzitsi. Uthenga unafika akumwa khofi, ndipo anangolowetsa galasi m'kabati mmene linalili, kukiya, n'kunyamuka. Anakhalako masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndinayamba kumva kafungo pabalaza. Ndinasuntha mipando yonse kufunafuna dzira lovunda, poganiza kuti nkhuku inaikira pobisika, koma sindinapeze kanthu.

Anabwera Lachisanu masana, ndipo tsiku lomwelo linali loti abusa athu atsopano ndi amayi busa adzacheze kwathu koyamba. Ine ndinali kukhitchini ndikuduladula nkhuku. Ketulo ya tiyi ndinali nditaika kale pamoto, koma amuna anga anati alendo oterewa ayenera kulawa chinthu chimene sangachipeze m'nyumba ina iliyonse mumpingo wathu. Ndinawamva akutsegula kabati, kutuluka panja, kutaya madzi, n'kubwera kudzatenga ketulo. Manja anga anali m'nkhuku. Sindinatuluke kukaona, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Nditalowa ndi mbale ya mandasi ndinapeza atathira kale. Fungo linandilandira pakhomo: mkaka wovunda, chinyontho cha m'nkhokwe yodontha, khofi ali pamwamba pake. Amayi busa anali atagwira kapu ndi manja awiri pamiyendo, nkhope atatembenuzira kuwindo. Abusa, munthu wachinyamata waulemu kwambiri, anali atamwa kale kamodzi. Ndinaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika, maso akulengeza misozi. M'kapu mwawo munkayandama tizinthu totuwa. Amuna anga anali pakati pa kapu yawo, akufotokoza za ndime ziwiri za nyimbo.

"Abusa, ndikuwonjezereni?"

Abusa anati pepani, foni yawo ikulira, n'kutuluka. Foniyo inali patebulo.

Ndinatolera makapu onse popanda kupempha, ndi galasi lomwe. Amuna anga anati, "Mayi, sitinamalize," koma sindinacheuke. Kukhitchini ndinapotokola ndodo ija mpaka sefa inamasuka, zigawo zitatu zija n'kupatukana. Pakati pake panali chuku chotuwa ndi chobiriwira, chaubweya ngati cha pa mtedza wovundira m'munda, mkaka woundana wachikasu, ndi ana a mphemvu awiri ophikika, miyendo ili m'mwamba. Ndinathamangira kuseri kwa khitchini n'kusanza mpaka m'mimba munapweteka. Kenako ndinasamba kumaso, kuphika tiyi, n'kukapereka m'makapu ena. Abusa anamwa makapu awiri mofulumira. Nkhuku anangoigwira pang'ono. Palibe amene anatchula khofi.

Alendo atapita, dzuwa likupendeka, ndinaika zigawo za sefa zija m'mbale, osatsuka, n'kukawaikira amuna anga patebulo.

"Taonani zimene mwamwetsa abusa."

Anavala magalasi n'kuyang'ana. Nkhope inasintha.

"Tsopano nunkhizani."

Ananyamula mbaleyo n'kuifikitsa pamphuno. Ine ndili chapatali ndinali nditatseka mphuno ndi chitenje. Iwo anakoka mpweya kamodzi, kawiri, mphuno itatsala pang'ono kukhudza chuku chija. Anaibweza patebulo mwakachetechete.

"Sindikumva kanthu, mayi."

"Mukuti chiyani?"

"Chidwalireni sindimva fungo lililonse. Chakudya chonse chili ngati ndikutafuna pepala. Mchere ndimaumva, shuga ndimamumva chapatali. Khofi yekha ndiye amafika, chifukwa amawawa."

Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira nkhuku ya pa Pasaka imene anaiyamikira pamaso pa ana, mpiru wa khofi uja, ndi nyemba zimene zinapserera pambaula iwo ali pakhonde pomwepo osadzuka, n'kudzati ankawerenga. Miyezi isanu ndi itatu ndikuphikira munthu amene ankandinamiza pa mbale iliyonse.

"Bwanji simunanene?"

"Matenda amenewa anatenga anzanga awiri mumpingo muno. Ine ndinadzuka. Ndikanaima bwanji n'kumadandaula za mphuno?" Anavula magalasi. "Ndiponso ndinkaopa kuti mukadziwa muleka kuvutikira. Muzingoti bola akhute."

Ndikanakonda kunena kuti chifundo chinachotsa kunyansidwa, koma sizinatero. Zonse ziwiri zinakhala pamodzi, ndi mkwiyo womwe. Ndinawamvera chisoni, komabe makapu amaluwa aja ndinawawiritsa kawiri ndipo sabata yonse sindinathe kumwera. Ndikawaona amuna anga akumeza malovu ndinkakumbukira ana a mphemvu. Masiku angapo ndinaphikadi mwa bola akhute, ndiwo zopanda tomato, zopanda anyezi, kufuna kuona ngati anene kanthu. Sananene, ndipo amene anavutika kudya ndine ndemwe, ndiye ndinasiya. Kwa abusa ndinapita ndekha kukapepesa ndi kufotokoza. Iwo anaseka n'kunena kuti m'mimba munawavuta tsiku limodzi lokha. Amayi busa sanaseke.

Kuchipatala anatiuza kuti zimachitika ndi matenda amenewo, kuti fungo mwina lidzabwerera mwina ayi, ndipo mankhwala ake palibe. Mwanayo atamva analira pafoni, ati iye namwino walephera bwanji kuzindikira za bambo ake. Ndinamuuza kuti ngati ine wogona nawo chipinda chimodzi sindinazindikire, iye ali ku Mzuzu akanadziwa bwanji.

Kuchokera pamenepo khofi ndinamulanda. Galasi ndinalitsuka ndi madzi owira n'kulibwezera m'katoni. Mwanayo anatumiza njere zina ndi bokosi lina la mapepala, ndipo ndinasankha njira imeneyo pa chifukwa chimodzi: ukatha umanyamula pepala ndi zonse zili m'kati n'kukataya kudzala, sipatsala pobisala chinthu. Ndinkamukonzera panja, mphepo ikuchokera kumsana. Amuna anga ankadandaula kuti ndi wofooka, ine n'kumaonjezera ufa mpaka madzi ankachita kuvutika kudontha. Anayambanso kundibweretsera zinthu kuti ndiwanunkhizire: mkaka, nyama ya pamsika, jekete lawo asanapite kutchalitchi. Jekete limenelo ndinalibweza kangapo.

Zinayenda choncho mpaka mvula yoyamba. M'mawa wina ndikuthira madzi pakafanelo, ndinawaona akutuluka m'nyumba atagwira pakamwa.

"Mayi, chafa n'chiyani?"

"Kuti?"

"Pena pake pafa khoswe. Kapena chimbudzi chagumuka ndi mvulayi."

Ndinaima ndi ketulo m'manja. Ndinati, "Bambo, kodi mukumva fungo?" Iwo sanandimve n'komwe. Anali atayamba kale kusuzumira kunsi kwa nkhokwe ndi kuseri kwa khola la mbuzi. Anazungulira nyumba yonse n'kubwerera pamene ndinali, ndipo pamene ankayandikira m'pamene nkhope inkaipiraipira. Anawerama pa kapu imene khofi ankadontheramo, n'kudzuka ngati aona njoka, n'kupita kukalavula kumpanda.

"Mwathiramo chiyani?"

"Ndi khofi wanu yemwe uja."

Sanakhulupirire mpaka ndinawabweretsera thumba la njere. Analitsegula n'kulitseka nthawi yomweyo, atalitalikitsa kuthupi.

"Kodi ndi zimenezi ndinkakumwetsani?"

Ndinawauza kuti ayi, kwa ine akununkha monga amanunkhira masiku onse.

Kuchipatala anati ndi chizindikiro chabwino, mphuno ikudzuka koma ikusokoneza zinthu. Chizindikiro chabwinocho chinativutitsa kuposa zonse za m'mbuyo. Sanali khofi yekha. Kwa iwo anyezi wokazinga ankanunkha zovunda, nyama yowotcha chimodzimodzi, mazira, ngakhale sopo wosambira. Mbaula ndinaisamutsira kumapeto kwa bwalo, ndipo mvula ikagwa ndinkaphika nditafunda pepala la pulasitiki. Miyezi ingapo anakhalira mbatata yozizira, nthochi ndi phala lopanda kanthu, mpaka mathalauza anayamba kuwagwa. Pamaliro ankakhala kutali ndi kumene amayi akuphika, anthu n'kumati ukulu wa mpingo wawanyaditsa. Ine ndimene ndinkayenda kufotokozera anthu za mphuno ya amuna anga.

Pofika nthawi yokolola zinayamba kukhazikika. Lero amamva fungo la malalanje, parafini, utsi, ndi thukuta la adzukulu akasewera padzuwa. Anyezi anabwerera, nyama inabwerera. Khofi yekha sanabwerere. Katoni ija tinabwezera alamu, ndi njere zotsala zomwe.

Mwanayo ndiye sanasiye. Ku Mzuzu anazolowera, ndipo akabwera kutchuthi amabwera ndi wake. M'mawa amayamba waona kumene mphepo ikulowera, kenako amatenga mpando, ketulo ndi kapu yake n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa mpanda. Bambo ake amakhala pakhonde, ndipo amacheza mokweza mawu, za kuntchito, za mvula, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, anthu odutsa mumsewu akumva zonse. Akatha amatsuka kapu komweko, kutsuka mano, ndiye abwere pafupi.